Mukufuna kukayendetsa quad kumpoto? Yambirani pa Luwawa, Usisya adze pomaliza

Loweruka lapitali mwana wa achemwali anga anandipeza pa shedi yanga pa Chitakale ndili chogona pansi pa quad, njinga zamoto za matayala anayi zija zimayendera m'minda ya tiyi. Iye ndi anzake atatu asonkherana, agula ma quad awiri akale, ndipo akufuna kupita nawo kumpoto tchuthi chikubwerachi. "Malume, inu munayendako. Tiyambire pati?" Ndinamuyankha mwachidule poti manja anali girisi yekhayekha, koma usiku nkhaniyi inandikhala pamtima. Ndiye ndati ndilembe zonse bwinobwino, iye awerenge, ndi ena a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amene ali ndi maganizo omwewo apezepo thandizo.

Ife a kuno timadzidalira pa nkhani ya mapiri, ndipo m'pomveka. Tinakulira m'tsinde mwa Sapitwa, matope a katondo timawadziwa, chiperoni chikagwa ulendo sitiimika. Koma taganizani: injini ikakuzimirani pa Nkando kapena pa Masambanjati, musanavule n'komwe helemeti ana akuzingani kale, wina wathamangira makaniko, wina akukulozerani golosale yomwe ili ndi petulo wa m'mabotolo. Maboma athuwa ndi othithikana anthu. Kumpoto kuli malo oti mutha ola lathunthu mukuyenda osakumana ndi munthu, osaona denga la nyumba, foni ili zii. Chimene chimagonjetsa ife akummwera kumeneko si chitunda ayi, ndi kutalika kwa mtunda ndi kusowa wokuthandiza. Malangizo onse ali m'munsimu achokera pamenepo.

Choyamba: dziyeseni konkuno

Musananyamule makina anu ulendo wa makilomita oposa 700, apatseni tsiku lathunthu m'misewu ya dothi ya kwathu konkuno. Msewu wa pa Fort Lister, pakati pa phiri la Mchese ndi phiri la Mulanje, ndi sukulu yabwino: pali miyala, pali zokwera, pali zotsika. A ku Thyolo muli ndi zitunda za kumbali ya Thekerani. Funsani kaye a m'deralo za milatho, chifukwa namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anasintha njira zambiri mozungulira phirili. Misewu ya m'maesiteti ili ndi eni ake, musalowe osapempha.

Pa tsiku loyesali muphunzire zinthu ziwiri. China ndi mafuta: dzazani thanki, yendani tsiku lonse, mudzazenso, muwerengere kuti lita imodzi ikukufikitsani makilomita angati m'njira yoipa. Nambala imeneyo ilembeni, ndi imene mudzakonzere ulendo wonse. China ndi thupi lanu. Quad sayendetsa chokhala ngati uli pa mpando wa kutchalitchi. Pokwera thupi lipite kutsogolo, potsika libwerere kumbuyo, podutsa m'mbali mwa phiri lipendekere kumtunda. Phazi lisatsike pansi makina akuyenda, tayala lakumbuyo lidzakupondani. Injini ikazima pakati pa chikweza, gwirani buleki yakutsogolo. Mukaponda yakumbuyo mwamphamvu quad ikubwerera chambuyo, imadzuka n'kukugwerani pachifuwa. Ndipo quad ya mpando umodzi ndi ya munthu mmodzi. Anyamata anayi, ma quad awiri, ndiye kuti muzisinthana, awiri azitsatira pa galimoto.

Chachiwiri: sankhani mwezi

Kumpoto mvula imachedwa kusiya kuyerekeza ndi kuno, makamaka ku Nkhata Bay ndi ku Karonga komwe Malichi ndi Epulo imagwa yamphamvu. Pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala. Ine ndimakonda kumapeto kwa Meyi mpaka Julayi: nthaka yauma koma fumbi silinachuluke, mapiri akadali obiriwira. Kuipa kwake ndi kuzizira. Kuyambira Ogasiti kupita kutsogolo kumafunda, koma ndi nyengo ya moto wolusa, ndipo utsi umabisa mapiri amene mwapitira.

Chachitatu: mapepala ndi kanyamulidwe

Quad musaiyendetse pa tara kuchoka kuno mpaka ku Mzuzu. Matayala ake ndi ofewa, anapangidwira dothi, ndipo ma quad ambiri matayala awiri akumbuyo amazungulira pamodzi pa chitsulo chimodzi. Pa dothi tayala limodzi limaterereka pang'ono pokhota, zonse n'kuyenda bwino. Pa tara onse awiri amagwira nganganga, makina amakana kukhota, kenako amagudubuzika. Kwezani pa pikapu kapena pa lole yaing'ono, mumange ngodya zonse zinayi ndi malamba, mutseke mafuta, ndipo mukafika pa Zalewa mutsike mukokenso malambawo poti amakhala atakhwefuka.

Pitani ku ofesi ya Road Traffic ku Blantyre nthawi ikadalipo, mukalongosole za kalembera wa makinawo, laisensi ndi inshuwalansi. Mapepala ogulira mukhale nawo m'thumba la pulasitiki. Pa marodibuloko monga pa Zalewa ndi pa Jenda apolisi ali ndi ufulu wofunsa kuti katundu mwanyamulayo ndi wa yani. Nkhani ya zigubu nayo muisamale: mafuta akamavuta, bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA limaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo, choncho kalata imeneyo muyambe kuifunafuna msanga, osati mutafika kale pa pampu ku Rumphi.

Njira yake mukuidziwa: Midima mpaka Limbe, Zalewa, Ntcheu, Dedza, Lilongwe, Kasungu, Jenda. Gonani panjira. Wofika atatopa ndi amene amalakwitsa tsiku loyamba.

Chachinayi: konzani makina ngati kulibe makaniko

Apa ndilankhula ngati munthu wa sipanala. Sinthani oyilo musananyamuke ngakhale akuoneka wabwino. Mabuleki muike atsopano, akalewo munyamule. Gwedezani tayala lililonse ndi manja, likamagogoda ndiye kuti ma bearing atha. Ngati quad yanu ndi ya tcheni, ikokeni, ndipo mutenge cholumikizira tcheni chapadera. Ngati ndi ya lamba, lamba wina akhale m'chikwama. Mapulagi awiri, mafyuzi, waya, selotepi yakuda, chingwe chokokera cholimba, pampu yamanja, ndi tizingwe tija tomatira matayala opanda chubu, musasiye.

Mpweya wa m'matayala a quad ndi wochepa kwambiri, pafupifupi 5 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) kwa ambiri, ndipo geji ya galimoto siwerenga bwino pamenepo. Gulani geji yakeyake, muone nambala yolembedwa pa makina anu. Ndaona anthu akupopa ngati tayala la minibasi. Quad imadumpha ngati mbuzi ndipo sigwira pansi.

Chinthu chimodzi chimadabwitsa anzathu ambiri. Kuno kumunsi kwa phiri tili pa mamita 600 kapena 700 kuchokera pa nyanja yamchere. Ku Chikangawa muli pa mamita oposa 1,500, ku Chelinda, malo ogona alendo pamwamba pa Nyika, pafupifupi 2,300. Kumwamba mpweya ndi wopepuka, ndipo injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse mukakwera mamita 300. Makina a kabuleta amayamba kumwa mafuta ambiri kuposa mpweya umene akupeza: pulagi imada, utsi umada, injini imatsamwa pokwera. Si kuti yaonongeka. Tsukani sefa ya mpweya madzulo aliwonse, pukutani pulagi, gwiritsani giya yotsika, ndipo musakakamize. Mukatsikira kunyanja mphamvu imabwerera yokha.

Za thupi: helemeti yomanga pachibwano, magalasi otchinga fumbi, magolovesi, nsapato zotseka akakolo, jekete yochindikala ndi ina ya mvula. Madzi akumwa ochuluka, bandeji, mankhwala opha ululu, tochi, machesi. Mapu muwatsitsiretu mu foni mukadali pa netiweki, ndipo pakati panu pakhale wa TNM ndi wa Airtel, chifukwa pena pamagwira imodzi, pena ina, pena palibiretu.

Chachisanu: njira zake, motsatana mmene ndalembera

*Luwawa ndi nkhalango ya Viphya*

Yambirani pano. Mukadutsa Jenda pa M1 pali mphambano yolowera kumanja, msewu wa dothi wa makilomita pafupifupi 10 wokafika ku damu la Luwawa, komwe kuli malo ogona alendo. Nkhalango ya Viphya, imene ambiri timangoti Chikangawa, inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo inali m'gulu la nkhalango zodzala zazikulu kwambiri mu Africa. Lero mbali yaikulu inatha ndi macheka ndi moto, mumadutsa zitsa zokhazokha mtima n'kuwawa, koma misewu imene anailambula kuti azitulutsira matabwa ikadalipo, yambirimbiri, yopingasana m'zitunda zosatsetsereka kwambiri. Kwa munthu amene akuphunzira mtunda wautali palibe malo oposa amenewa. Zokwera zake ndi zofatsa, dothi ndi lolimba, ndipo M1 sikhala kutali kwenikweni.

Ngozi yake ndi kusochera. Mphambano zonse zimafanana, mitengo ya paini imafanana, ndipo nkhungu ikatsika simuona ngakhale mnzanu ali patsogolo. Ine ndi alamu anga tinataya masana athunthu m'menemo titaboola tayala pa chitsa chosongoka. Kumata kunatitengera mphindi zochepa, koma titadzuka nkhungu inali itatseka, ndipo aliyense ankaloza kwake kuti ndi kumene tachokera. Tinazima injini n'kukhala chete. Patapita nthawi tinamva kulira kwa lole ikukwera chitunda kutali kumanzere, tinadziwa kuti M1 ili kumeneko. Kuyambira tsiku limenelo pa mphambano iliyonse ndimaima, n'kujambula muvi pansi ndi chidendene cha nsapato.

Pemphani chilolezo ku ofesi ya zankhalango kapena kwa makampani amene anapatsidwa zigawo za nkhalangoyi, monga Raiply ku Chikangawa. A pamalo ogona ku Luwawa akuuzani tinjira timene ndi ta oyenda pansi ndi a njinga zakapalasa, timeneto tisiyeni. Malole a matabwa apatseni njira, saima msanga. Ndipo chonde, nkhani ya moto. Masamba ouma a paini ndi udzu zimakodwa pafupi ndi paipi ya utsi, paipiyo n'kukhala yotentha ngati mbaula. Mukaima paliponse suzumirani pansi, chotsani zinyalalazo, ndipo musaimike makina pa udzu wouma. Nkhalango imeneyi yapsa mokwanira.

Khalani pano masiku awiri. Tsiku loyamba zungulirani pafupi ndi damu, lachiwiri talikirani.

*Bolero mpaka pa geti ya Kazuni*

Kuchoka ku Mzuzu kupita ku Rumphi ndi makilomita pafupifupi 70. Kumadzulo kwa Rumphi kuli chigwa cha Nkhamanga, kwawo kwa a Chikulamayembe, kumene kumachitikira mwambo wa Gonapamuhanya ku Bolero. Misewu ya m'midzi ya kumeneko ndi yathyathyathya, ya mchenga ndi mabampu, yodutsa m'minda ya fodya. Ndi tsiku lopumulira mikono, komanso lophunzirira mchenga. Mukafika ku Kazuni, pa geti ya malo osungira nyama zakutchire a Vwaza, makina asiyeni panja. M'katimo muli njovu, njati ndi mvuu, ndipo munthu wa pa quad alibe chitseko choti atseke. Lowani pa galimoto. Kulinso kashembe, ntchentche zoluma zija zimafalitsa matenda a kaodzera; zimakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho valani zotuwa za manja aatali.

*Golodi, kukwera ku Livingstonia*

Uwu ndi msewu umene aliyense amaufuna, ndipo ndi woyeneradi kuufuna. Umayambira pa Chitimba m'mbali mwa nyanja, mukatsika Chiweta, n'kukwera makilomita pafupifupi 15 mpaka ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894. Pa mtunda waufupi chonchi mumakwera mamita pafupifupi 900, kudzera m'makona 20 opindika ngati chigongono. Unakumbidwa ndi manja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ukamakwera n'kumaona mmene anaudulira m'thanthwe, umawapatsa ulemu anthu amene anagwira makasu ndi mapiki pamenepo.

Nyamukani m'mawa dzuwa lisanatenthe. Ikani giya yotsika kuyambira pansi, musadikire kuti makina akupempheni. Pa kona iliyonse imbani hutala musanalowe, ndipo gwirani mbali yanu, chifukwa msewuwu ndi wa anthu: mapikapu odzaza anthu ndi katundu amatsika, akabaza amatsika, amayi osenza mitolo amakwera. Galimoto yaitali pena imalephera kukhota kamodzi, imabwerera m'mbuyo pa kona pomwepo. Mukaiona, imani patali pamalo otakasuka, muidikire. Kumbali kuli phompho, ndipo miyala yoyoyoka pamakona imaterera kuposa matope. Mukafuna kuona nyanja, imani, zimani injini, muone bwinobwino. Kuyang'ana nyanja uku mukuyendetsa ndi kumene kumapha.

Mukatsala makilomita ochepa kufika pamwamba pali mathithi a Manchewe, otalika mamita pafupifupi 125. Anyamata a pamenepo amaperekeza alendo mpaka ku phanga la kuseri kwa madzi, kumene anthu a mtundu wa Aphoka ankabisala pa nthawi ya nkhondo ndi ukapolo. Apatseni kangachepe, ndi ntchito yawo. Pamwamba kaoneni Stone House, nyumba ya miyala ya a Laws ya mu 1903 yomwe pano ndi yosungiramo zinthu zakale, ndi tchalitchi chachikulu cha CCAP. Mukalowa pa mishoni chepetsani liwiro ndi phokoso. Pali chipatala, pali sukulu, pali yunivesite.

Kutsika n'kovuta kuposa kukwera. Injini ndiyo igwire makina, mabuleki angothandizira. Ma quad ena a otomatiki amamasuka okha ukasiyiratu mafuta, n'kuyamba kuthamanga ngati ngolo yaduka. Anu muwadziwiretu khalidwe lawo pa Fort Lister paja. Pakati pa njira imani, muyandikize dzanja ku mabuleki osakhudza. Akamanunkha, khalani pansi mudye nthochi mpaka azizire. Galimoto yonyamula katundu wanu isavutike ndi Golodi: pali msewu wina wofikira ku Livingstonia kuchokera ku Njakwa, mbali ya Rumphi, umene ndi wosavuta.

*Nyika*

Ndinene poyera: Nyika ndi paki, si bwalo lamasewera, ndipo mawu omaliza pa chimene chilowe pa geti ali ndi a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, amene kuyambira 2023 akuyendetsa pakiyi mogwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation. Lankhulani nawo musanachoke kuno, muwauze makina amene muli nawo. Akati quad ayi, musakangane nawo, isiyeni ku Rumphi mukwere pa pikapu yokoka matayala onse anayi. Ine ndinakwera choncho, ndipo sindinadandaule ngakhale pang'ono.

Kuchoka ku Rumphi kufika pa geti ya Thazima ndi makilomita pafupifupi 55, ndipo kuchoka pa getipo kufika ku Chelinda ndi enanso pafupifupi 60. Pa mapu zimaoneka zochepa, koma werengerani maola anayi kapena kuposa. Mafuta omaliza odalirika ali ku Rumphi. Werengerani opitira, ozungulira kumtundako, obwererera, muonjezeponso ena. Pena msewu umayenda m'malire enieni a dziko la Zambia. Chakumunsi, m'nkhalango ya pafupi ndi Thazima, mumapezeka njovu. Mukaona ndowe zaziwisi pamsewu, chepetsani liwiro ndipo maso akhale patsogolo.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1965, inakulitsidwa mu 1978, ndipo ndi yaikulu kuposa onse m'Malawi muno, malo oposa masikweya kilomita 3,000. Ife tinazolowera phiri la miyala loima chilili. Nyika ndi ina: zitunda za udzu zogona, chimodzi kuseri kwa chinzake mpaka kumene maso alekezera, popanda mudzi, popanda munda. Nsonga yake yaitali, Nganda, ndi ya mamita oposa 2,600 pang'ono, yosafika pa Sapitwa wathu wa 3,002, koma kukula kwa thambo kumeneko sindinakuonepo kwina. Mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimadya poyera ngati ng'ombe. Kuchokera ku Chelinda kuli misewu yozungulira yopita ku nyanja yaing'ono ya Kaulime, ku Chosi, ku thanthwe la Jalawe kumene umaona mpaka ku nyanja ya Malawi kukakhala kowala, ndi ku mathithi a Chisanga komwe umamalizira wapansi.

Tayala lisachoke mu msewu. Udzu wa pa Nyika umaoneka ngati ukukuitana kuti udutsepo, koma m'menemo muli maluwa a mtundu wa chinaka oposa mitundu 200, ndipo m'madambo ake ndi mmene mumachokera mitsinje imene anthu a ku Rumphi ndi ku Karonga amamwa. Mkwaso wa tayala pa dothi lonyowa la kumeneko mvula imausandutsa ngalande. Ife a ku Mulanje taona ndi maso athu mmene mkungudza wathera paphiri pathu. Tisakhale ife okaononga kwa eni.

Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka madzi kuundana pa udzu. Bulangete limodzi silikwana. M'mawa injini ipatseni nthawi itenthe.

*Usisya*

Uwu ndauika pomaliza dala. Msewu wochoka ku Mzuzu kupita ku Usisya umadutsa m'mapiri, kenako umagwera kunyanja motsetsereka koopsa, ndipo mvula ikangogwa pang'ono dothi lake limakhala ngati sopo. Anthu ambiri a kumeneko amadalira maboti ndi sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Pitani mutayenda kale Golodi bwinobwino, pitani muli awiri kapena kuposa, ndipo m'mawa wa tsikulo funsani madalaivala ndi akabaza a ku Mzuzu amene amayenda njira imeneyo kuti msewu uli bwanji. Safunsa anadya phula. Kukachita mitambo, sinthani tsiku. Kumbukiraninso kuti chimene mwatsika mudzachikwera pobwerera, choncho mafuta ambiri adzathera ulendo wobwerera.

Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira za fumbi. Titatsika phiri, mitima ili m'malo, tinathamangitsa makina pa kamsewu ka pakati pa mudzi. M'mbali mwa njira munali mphasa zitatu, chinangwa chonyika atachiyanika kuti chiume apange ufa wa kondowole, choyera mbee. Fumbi lathu linakutira chonsecho. Nditacheuka ndinaona mayi wachikulire ataima pakhomo, manja ali m'chiuno, osalankhula kanthu. Ndinaima, ndinavula helemeti, ndinabwerera wapansi. Chinangwa chija chinali chitafiira. Ndinagwada n'kupepesa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, chinangwa ichi chakhala m'madzi masiku, ndachisenza ndekha kuchoka kudambo. Inu mukuthamangira kuti? Nyanja ija sichoka." Ndalama anakana. Tinakhala nawo pansi n'kumapukuta chimodzichimodzi, ndipo madzulo anatipatsa kondowole ndi usipa. Mpaka lero ndikaona denga la nyumba patsogolo, chala chimachoka chokha pa mafuta.

*Misuku, kwa amene masiku akuwalola*

Mukakhala ndi sabata ina, pitirirani ku Karonga, mutenge msewu wa tara wopita ku Chitipa, mukhotere pa Kapoka kulowera ku mapiri a Misuku. Ndi dziko la khofi ndi nthochi, minda yokwera m'zitunda, nkhalango zachilengedwe za Mughese, Wilindi ndi Matipa zili pamwamba. A ku Thyolo mukaona ngati muli kwanu. Misewu yake ndi yokhotakhota ndipo ikanyowa ndi yoterera zedi. M'nkhalangozo lowani wapansi ndi munthu wa konko.

Chachisanu ndi chimodzi: m'mawa uliwonse musanalize injini

Uzani munthu mmodzi wotsala, kaya wa pamalo mwagona, kumene mukupita ndi nthawi imene mubwerere, ndipo mumuuze chochita nthawiyo ikadutsa. Gwirizanani kuti wa patsogolo aziima pa mphambano iliyonse mpaka aone wa m'mbuyo. Siyanani mtunda kuti musamadye fumbi la mnzanu. Theka la mafuta likatha, tembenukani, ngakhale kumene mumafuna kufika kukuonekera. Pofika 4 koloko masana mukhale muli m'njira yobwerera, chifukwa m'miyezi yozizira mdima umagwa msanga ndipo nyali za quad siziona patali. Mowa udikire makiyi atachoka pa makina.

Chichewa amamva pafupifupi kulikonse, koma moni wa m'chinenero chawo amatsegula zitseko. "Monire" ndi "Muli uli?" kwa Atumbuka, "Yewo" kapena "Tawonga chomene" pothokoza. Mukafuna kugona pamudzi kapena kusiya galimoto, yambani mwaonekera kwa a mfumu. Mukakumana ndi maliro, zimani injini, tsikani, vulani helemeti, monga timachitira kuno. Ng'ombe za ku Mzimba ndi ku Rumphi zikatseka njira, dikirani mbusa azidutsitse; hutala imangozibalalitsa. Ana adzakuthamangirani kuti muwakweze. Akanizeni mwaulemu.

Kwa iwe mphwanga ndi anzako, masiku khumi awa ndi amene ndingakupatseni: awiri a panjira popita, awiri pa Luwawa, limodzi ku Bolero, awiri ku Nyika, limodzi la Golodi, awiri obwerera. Usisya ndi Misuku muwasungire ulendo wachiwiri. Ma quad aja ubwere nawo ku shedi Lachitatu m'mawa, ubweretsenso mabuleki atsopano ndi mapulagi anayi, tiyambe ndi ija ikutsonya oyilo kumbuyo.